Mafunso ndi Mayankho: Makanema a moyo wa kumudzi

A Mkonzi, ndimakonda kuonera makanema a documentary osonyeza mabanja a m'midzi ya maiko ena, odya zolima okha, opanda magetsi. Amaoneka amtendere kwambiri. Kodi zimenezi n'zoona, kapena amachita kuuzidwa zochita? — Wowerenga wa ku Lilongwe

Zonse ziwiri zimachitika, ndipo sizinayambe lero. Mu 1922 Robert Flaherty anatulutsa Nanook of the North, kanema wa banja la anthu a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Canada. Bambo wa banjalo ankasaka ndi mfuti, koma pojambula anamugwiritsa mkondo ngati makolo ake. Nyumba ya madzi oundana inamangidwa yopanda mbali imodzi kuti kuwala kukwanire kamera.

Alipo ena amene amapirira n'kudikira. Honeyland, wa mu 2019, ndi wa Hatidže Muratova, mayi wofula njuchi m'mapiri a North Macedonia, m'mudzi wopanda magetsi ndi mipopi. Ojambula anapita kumeneko kwa zaka zitatu, natola zithunzi za maola oposa 400, koma kanemayo sakwana ola ndi theka. Lamulo la mayiyo linali lotenga theka la uchi n'kusiyira njuchi theka. M'kanemamo muli kukongola, komanso muli matenda a mayi ake okalamba, umphawi, ndi mkangano ndi anansi amene anafula uchi wonse chifukwa chofuna ndalama.

Mukamaonera, yang'anani ngati nyengo zikusintha. Onani ngati wina akudwala, ngati ndalama ikutchulidwa, ndiponso amene akugwira ntchito yolemera ndi ndani. Kanema wosonyeza dzuwa likulowa ndi ana akuseka, koma osasonyeza amene analawirira kukatunga madzi, wakubisirani zambiri.

Ndikufuna kujambula moyo wa agogo anga kumudzi kwathu, koma ndili ndi foni yokha. Ndiyambire pati? — Mnyamata wa ku Dedza

Foni ndi yokwanira, achimwene. Ndalama yoyamba muike pa mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akapanda kumveka amazimitsa. Gulani kamaikolofoni kopanira pa malaya, mukapane pachifuwa, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, ndipo kakhale ndi kaubweya kotchinga mphepo. Popanda kaubweyako, mwera wa mu Juni ndi Julaye udzamiza mawu onse a agogo. Musanayambe kucheza nawo, imani phee mumvetsere: chigayo, wailesi ya oyandikana nawo, mvula pa malata, zonsezi khutu limazinyalanyaza koma maikolofoni imazitola. Jambulaninso mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo popanda wolankhula, idzakuthandizani polumikiza zidutswa.

Foni igone chopingasa, ndipo muiike pa airplane mode kuti wina asakuduleni poimba. Pa mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi, sankhani 1080p, osati 4K. 4K imadya malo pafupifupi katatu ndipo imatenthetsa foni, moti m'dzuwa la Okutobala imatha kuzima yokha. Pa 1080p ola limodzi limadya pakati pa 4 ndi 8 GB, malinga ndi foni. Chithunzi chilichonse muchigwire masekondi 10 osasuntha, ndipo musachikuze pokoka ndi zala (zoom) chifukwa chimasiya kuoneka bwino. Senderani pafupi ndi miyendo. Ntchito iliyonse muijambule patatu: patali kuti malo aoneke, pakatikati, kenako pafupi penipeni pa manja. Agogo akamapeta, tione bwalo, tione iwo, tione lichero ndi gaga akuuluka.

Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa mpaka cha m'ma 9 koloko, ndi madzulo kuyambira 3 koloko. Dzuwa likakhala paliwombo, maso amalowa mumthunzi ndipo nkhope imada. M'khitchini yofuka utsi, khalani inuyo kukhomo kuti kuwala kuchokere kumbuyo kwanu, ndipo pukutani diso la kamera pafupipafupi. Tengani power bank ya 20,000 mAh, imene imadzaza foni katatu kapena kanayi, ndi kasola ngati mukhalitsa. Zimene mwajambula muzisunge pawiri, m'malo osiyana, musanafufute m'foni.

Chachikulu koposa ndi nthawi. Ambiri amapita kumudzi m'masika, nkhokwe zitadzaza, maungu ndi mtedza zili mbwee, n'kubwerako ndi kanema wonena kuti kumudzi kulibe mavuto. Pitani pogalauza mizere mu Okutobala, pobzala mvula yoyamba itagwa, popalira ndi pobandira. Musaphonye Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa umachepa, anthu n'kumapita kuganyu minda yawo ikudikira. Nthawi yomweyo ndi ya bowa ndi ndiwo zakutchire, ndipo pamenepo m'pamene nzeru za agogo zimaonekera: bowa wodyedwa ndi uti, chisoso ndi bonongwe amathyola kuti, mfutso anasunga wochuluka bwanji. Masiku awiri oyamba foni ikhale m'thumba. Anthu akazolowera, amasiya kuvala zapatchalitchi popita kudimba.

Kunabwera anthu kudzajambula banja lathu tikupha usipa ndi kuyanika pa thandala. Anatijambula tsiku lonse, ndipo sitinawaonenso. Kodi n'chilungamo? — Mayi wa ku Nkhotakota

Ayi, mayi, sichilungamo. Wojambula wodziwa ntchito yake amayamba kwa amfumu, koma chilolezo cha amfumu sichilowa m'malo mwa chanu. Munthu aliyense wooneka m'kanemamo ayenera kuvomera yekha, atauzidwa m'chilankhulo chake kuti kanemayo ndi wa chiyani, adzaonetsedwa kuti, ndiponso ngati adzagulitsidwa. Ana amavomerezedwa ndi makolo. Wosadziwa kuwerenga asangodinda chala papepala. Amuwerengere munthu amene amamukhulupirira, kapena kuvomera kwakeko kujambulidwe pa kanema. Akabweranso ena, funsani dzina la bungwe lawo ndi nambala ya foni, pepala limodzi la mgwirizano litsale ndi inu, ndipo muwauze poyera malo osaloledwa, monga kumanda, kumaliro kapena kuchipinda.

Za malipiro ojambula amasiyana maganizo. Ena amati ndalama imachititsa anthu kuchita sewero. Ife tikuti tsiku la ntchito likatayika chifukwa cha kamera, libwezedwe, ndipo mtengo wake ukambidwe kujambula kusanayambe. Aphikireni chakudya ngati mwafuna, koma ufa ndi ndiwo agule okha.

Pemphaninso kuti adzakuonetseni kanemayo asanamutulutse, ndipo lonjezolo lilembedwe. Kanema wa mu 2021 wotchedwa The Ants and the Grasshopper anasonyeza kuti mlimi angathe kukhala mwini nkhani: Anita Chitaya wa ku Bwabwa, kufupi ndi Ekwendeni, ndiye amalankhula, ndipo anapita ku America pamodzi ndi mnzake Esther Lupafya kukafunsa alimi a kumeneko za kusintha kwa nyengo. Inunso muli ndi ufulu wonena zimene mukufuna kuti dziko limve za usipa, mtengo wa maukonde ndi mafuta a injini.