Kodi a Bolshevik ndi a Menshevik anasiyana pati?

Achimwene, mwafunsa ngati a Bolshevik ndi a Menshevik anali zipani ziwiri chiyambire. Ayi, anali ana a mimba imodzi, chipani cha anthu ogwira ntchito ku Russia chotchedwa RSDLP, chomwe chinakhazikitsidwa ku Minsk mu 1898.

Mkangano unabuka pa msonkhano wa 1903, womwe unayambira ku Brussels n'kukathera ku London. Nkhani inali yoti membala wa chipani ndi ndani. Lenin ankafuna munthu wogwira ntchito m'kati mwa nthambi ya chipani, womvera malamulo ake. Martov ankati ngakhale wongothandiza motsogozedwa ndi nthambi nayenso ndi membala. Ambiri sadziwa kuti pa voti imeneyi Martov ndiye anapambana. Koma gulu la Ayuda la Bund litatuluka mumsonkhanowo, mbali ya Lenin inachuluka posankha atsogoleri ndi akonzi a nyuzipepala ya Iskra, n'kudzitcha Bolshevik, kutanthauza ochuluka. Anzawo a mbali ya Martov analola kutchedwa Menshevik, ochepa, ndipo ine ndimaona kuti dzinalo linawapweteka kwambiri pamaso pa anthu wamba.

Anayesa kugwirizananso mu 1906 koma sizinakhalitse, ndipo mu 1912 ku Prague gulu la Lenin linadziimira palokha. Trotsky, amene poyamba anali ndi Martov, analowa kwa a Bolshevik mu 1917.

Chimene chimandiwawa ndi 1921. Atalanda boma, a Bolshevik analetsa magulu m'chipani mwawo momwe, n'kutseka pakamwa anthu ngati Kollontai ndi Shlyapnikov amene ankafuna kuti mabungwe a ogwira ntchito aziyendetsa mafakitale. Martov anamwalira ali kunja, ku Germany, mu 1923.