Zithunzi ziwiri, sitima imodzi: HMS Relentless

Owerenga ena andilembera pa imelo kuti anagula zithunzi ziwiri za HMS Relentless, sitima yankhondo ya Britain, china cholembedwa H85, china F185, koma sizikufanana m'pang'ono pomwe. Akuti kodi wogulitsayo sanawapusitse?

Funsoli landikumbutsa malume anga, makaniko wa malole. Iwo ankati galimoto ukaichotsa bodi n'kuikapo ina, basi yasanduka ina. Ine ndinkati bola injini ndi chesisi zikhale zomwezo. Tinkatsutsana pakhonde mpaka tiyi kuzizira, iwo manja ali bii ndi girisi, akugogoda chithunzi cha Relentless m'buku langa. "Mphwanga, ili ndi bokosi, si sitima!" Sindinawagonjere.

Relentless inapangidwa ndi kampani ya John Brown ku Clydebank, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, ndipo inayamba ntchito kumapeto kwa 1942 ngati destroyer (sitima yankhondo yaliwiro) ya mizinga inayi. Mu February 1944 inapeza sitima ya mafuta ya Germany, Charlotte Schliemann, m'nyanja ya Indian Ocean. Sitima ya Germanyyi inkamwetsa mafuta sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo ulendo wake unathera pomwepo. Mtsinje womwewo wa Clyde ndi kumene kunachokera Ilala yathu, yomwe kampani ya Yarrow inapanga mu 1949 n'kubwera nayo m'zidutswa. Nayonso anaisintha mainjini, koma ndani anaikanapo kuti si Ilala?

Nkhondo itatha, vuto linali liwiro. Sitima za Germany za mtundu wa Type XXI zinkathamanga pafupifupi makilomita 31 pa ola zili pansi pa madzi, ndipo Soviet Union inatengera luso lomwelo. Ma frigate akale, sitima zosaka sitima za pansi pa madzi, ankavutika kuzilondola. Britain ndalama inalibe, koma inali ndi ma destroyer ambiri ongokhala padoko, mainjini akadali amphamvu. Choncho kuyambira 1949 mpaka 1951, ku Portsmouth ku England, anagumula zonse za pamwamba pa Relentless, mizinga yakale kuichotsa, n'kumanga chipinda chachitali cha aluminiyamu kuti asilikali azigwira ntchito m'kati osanyowa ndi mafunde. Kumbuyo anaikako zida zoponyera mabomba m'madzi. Relentless ndi Rocket ndizo zinayambira, mtunduwu n'kutchedwa Type 15, ndipo zonse pamodzi zinakwana 23.

Amene amati kusinthaku kunaipitsa sitima zokongola amandikwiyitsa. Kukongola n'kwa ojambula zithunzi. Mnyamata wolondera usiku m'nyanja yozizira ya Atlantic ankafuna denga, ndipo analipeza.

Yankho lanu

Bwana, simunapusitsidwe. H85 ndi nambala ya nthawi ya nkhondo, F185 ndi ya itasinthidwa. Yang'anani chumuni: n'chimodzi pa zithunzi zonse ziwiri. Sitimayo inakaphwasulidwa ku Inverkeithing ku Scotland mu 1971.