Kwa achemwali amene akufufuza mzungu wa ku Mulanje yemwe anabereka agogo awo

Achemwali, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi ndemanga zili pansi pake, ndipo ndaona kuti ambiri athamangira nthabwala za pasipoti ya ku Britain. Ine ndiyankha zimene mwafunsazo. Mwati agogo anu aakazi, mayi a mayi anu, anabadwira pa esiteti ina ku Mulanje cha m'ma 1920, ndipo bambo awo anali mzungu wa ku Scotland amene kumudzi amangomukumbukira ndi dzina lomwe antchito anamupatsa. Tsopano mwapeza pa intaneti mndandanda wa mibadwo ya banja lina la azungu oyambirira kufika ku Nyasaland, dzina lawo likumveka ngati limene agogo ankatchula, ndipo zidzukulu zina za banjalo zili konkuno ku Johannesburg. Mukufuna kudziwa ngati ndinu magazi amodzi.

Mndandanda umenewo muuike kaye pambali. Mtengo sakwerera kunsonga. Mukayamba ndi mzungu wa m'ma 1880 n'kumatsika, mtima udzakukakamizani kupachika agogo anu pa nthambi iliyonse yomwe yaoneka yoyandikira. Yambani ndi inuyo, kenako mayi anu, kenako agogo, m'badwo umodzi umodzi, ndipo musadumphe m'badwo mpaka mutapeza chikalata kapena mboni ziwiri zosagwirizana pa chibale zonena chimodzimodzi.

Ndikutero chifukwa maina a ku Scotland amabwerezeka kwambiri, ndipo anthu ambiri asocherapo. Taonani za ku Magomero. William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia ndipo anaphedwa pa 23 Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe, sanali mwana wa David Livingstone ayi. Iye anali woyang'anira chabe. Malowo anali a banja la Bruce, ndipo Alexander Low Bruce ndiye anakwatira Agnes, mwana wamkazi wa David Livingstone. Munthu wongotsata dzina akhoza kulumikiza mabanja awiriwa molakwika mpaka kudzilembera mbiri yabodza.

China n'chakuti zaka ziyenera kugwirizana. Azungu oyambirira enieni anabwera m'ma 1870 ndi m'ma 1880. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo John Buchanan anabwera chaka chomwecho ngati wosamalira minda ya mishoni. Atachotsedwa ntchito mu 1881, iye ndi abale ake David ndi Robert anatsegula minda ya khofi ku Zomba, ndipo John anamwalira mu 1896. John ndi Frederick Moir anabwera ndi kampani yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ija tinazolowera kuitcha Mandala potengera magalasi a m'maso a John. Ambiri a m'badwo umenewo anatha msanga ndi malungo, ena anabwerera kwawo khofi atagwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Choncho mwana wobadwa m'ma 1920 n'kovuta kuti akhale wa mzungu woyambirirayo mwiniwake. Angakhale wa mwana wake, wa mphwake, kapena wa mnyamata wina wadzina lofanana amene anangobwera kudzagwira ntchito nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, nthawi imene tiyi ankafalikira ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kumbukiraninso kuti maesiteti ambiri anali a makampani, monga Blantyre and East Africa, British Central Africa Company, kapena J. Lyons ku Lujeri, ndipo amene anthu ankamutcha bwana pamalopo nthawi zambiri anali wolembedwa ntchito, wokhala zaka zochepa n'kusamutsidwa.

Ntchito yaikulu ili kumudzi, ndipo ndi yofulumira, chifukwa mboni zake zikutha. Imbirani amalume anu, kapena aliyense amene ali mwini mbumba pano, ndipo mukapita pa Khirisimasi mukakhale pansi ndi agogo aakazi onse otsala, ngakhale a banja loyandikana nalo. Kwathu kum'mwera mwana ndi wa kuchikazi, ndiye amene amasunga nkhani zotere ndi amayi. Musakafunse kuti "mzunguyo anali ndani", chifukwa adzakuyankhani ndi dzina lomwe mukulidziwa kale. Kafunseni kuti esitetiyo inali iti ndipo ankalimapo chiyani, tiyi, fodya kapena thonje. Nyumba ya bwanayo inali pafupi ndi mtsinje uti? Anali ndi dona kapena ankakhala yekha? Kapitawo wake anali ndani, khukhi wake anali ndani? Mayi a agogo anu ankagwira ntchito m'nyumba, kapena anali mwana wa munthu wokhala pamalopo mwa thangata? Anali Alomwe obwera kuchokera ku Mozambique, Amang'anja kapena Ayao, ndipo mfumu yawo inali ndani? Mzunguyo anachoka, kapena anafera konko? Anali wopunduka mwendo, wadazi, wokonda kusaka, woyenda pa njinga yamoto? Zinthu zimene zikuoneka zachabezi n'zimene zidzakuthandizeni kusankha munthu mmodzi pakati pa atatu a dzina limodzi. Jambulani mawu awo pa foni, mutawapempha kaye, ndipo dzina lachizungulo mulilembe ndendende momwe akulitchulira, musalikonze.

Mukonzekerenso mtima. Si nkhani zonse zotere zinali za chikondi. Ena mwa azunguwo anakhala ndi akazi achikuda zaka zambiri, kulipirira ana sukulu ndi kuwasiyira malo. Ena anangogwiritsa ntchito mphamvu zawo pa mtsikana amene makolo ake akanathamangitsidwa pa esiteti akanakana. Agogo akakhala chete pa funso lina, musawaumirize tsiku lomwelo.

Mukachoka kumudzi pitani ku tchalitchi. Lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza anthu osakhala Aafirika okha, ndipo ife tinayamba kulembetsedwa tonse posachedwapa, lamulo la 2010 litabwera. Choncho satifiketi ya kubadwa ya agogo anu mwina kulibe, pokhapokha ngati bamboyo anawavomereza n'kukawalembetsa yekha, ndipo zikatero mukafunse ku ofesi ya Registrar General. Koma kaundula wa ubatizo amapezeka. Ngati anali a CCAP, yambani ndi mlembi wa mpingo wa kwanuko kenako likulu la Sinodi ya Blantyre. Ngati anali Akatolika, pitani ku parishi, chifukwa ansembe ankalemba mwadongosolo dzina la mwana, la mayi, mudzi ndi mboni za ubatizo, ndipo nthawi zina pambali pake ankawonjezera mawu okhudza bambo. Mukapeza malo a dzina la bambo ali opanda kanthu musakhumudwe. Tsiku ndi mudzi zokha zikukwanira kuti mufunse funso lotsatira: ndani ankayang'anira esiteti imeneyo chaka chimenecho?

Funso limenelo lili ndi yankho, chifukwa azungu m'dziko lonse la Nyasaland sankafika n'komwe 2,000 m'zaka za m'ma 1920, ndipo ankalembana chilichonse. Ku National Archives ku Zomba kuli gazeti ya boma, mabuku a ma DC a boma lililonse, zikalata za malo kuphatikizapo ziphaso zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu m'ma 1890, ndi mafayilo a chuma cha masiye. Dziwani kuti moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 ndipo zikalata zambiri zakale zinapsa, koma zaka zanuzo zinabwera motowo utachitika kale, ndiye muli ndi mwayi. Kulinso makalata okhudza ana obadwa kwa azungu ndi amayi achikuda, chifukwa boma linkasowa pomwe lingawaike, ndipo bungwe la Anglo-African Association limene Henry Ascroft ankatsogolera kuyambira 1929 linkalembera boma kawirikawiri za sukulu ndi ufulu wawo. Ku Blantyre, pamwamba pa Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, pali laibulale ya Society of Malawi. Kumeneko kuli zithunzi, mabuku akale ndi magazini yawo yomwe inayamba kutuluka mu 1948, momwe muli mbiri za maesiteti ndi za azungu omwalira. Nyuzipepala ya Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero, inkalemba ngakhale za amene wakwera sitima kupita kutchuthi ndi amene wapambana mpikisano wa tenesi ku kalabu. Ine ndimaona kuti nyuzipepalayi imaposa mafayilo a boma pa ntchito ngati yanuyi, kungoti imafuna kudekha ndi maso abwino.

Tsopano mbali imene mungachite muli konkuno, osadikira basi ya ku Park Station. Azungu ambiri a ku Nyasaland ankatumiza ana awo kusukulu ku Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo atakalamba ankadzakhala kuno. Munthu akamwalira kuno ali ndi katundu, ofesi ya Master of the High Court imatsegula fayilo, ndipo m'fayilomo mumakhala chikalata chotchedwa death notice. Chikalata chimenechi n'chamtengo wapatali: chimanena kumene munthuyo anabadwira, maina a makolo ake, ntchito yake, mkazi wake ndi ana ake, ndiponso ngati anasiya wilo. Lowani pa intaneti, fufuzani NAAIRS, umene ndi mndandanda waulere wa National Archives ya South Africa, lembani dzinalo. Mukapeza nambala ya fayilo ya ku Transvaal, chigawo chakale chomwe munali Johannesburg ndi Pretoria, fayiloyo mukaiwerenga ku Pretoria, mumsewu wa Hamilton ku Arcadia, ulendo wa sitima ya Gautrain chabe. Mafayilo ambiri akale anajambulidwa kale ndipo ali pa tsamba la FamilySearch, komwe kulembetsa n'kwaulere. Tsamba la eGGSA lili ndi zithunzi za ziliza za m'manda ambiri a dziko lino, ndipo ngati anaikidwa mumzinda muno, manda akale ndi Braamfontein, Brixton ndi Westpark.

Koma musayembekezere kupeza dzina la agogo anu pa mndandanda wa ana. Amene ankadzaza chikalatacho anali dona kapena mwana wa dona, ndipo ankalemba ana a ukwati wa kutchalitchi okha. Pamene muyenera kuyang'anitsitsa ndi mu wilo. Mzere umodzi wonena kuti ndalama zakuti zipite kwa mayi wakuti wa ku Mlanje, momwe ankalembera dzinalo kale, kapena kwa mishoni yakuti kuti isamalire mwana, ungakhale umboni wokhawo umene munthuyo anasiya. Pofufuza mulembenso Cholo m'malo mwa Thyolo, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, Port Herald m'malo mwa Nsanje, apo ayi kompyuta idzakuuzani kuti palibe kanthu.

Mukatsimikiza munthuyo, kukwera m'mwamba n'kosavuta. Scotland inayamba kulembetsa obadwa, okwatirana ndi omwalira onse mu 1855, ndipo zonsezi zili pa tsamba la ScotlandsPeople pamodzi ndi kalembera wa anthu mpaka wa 1921. Kufufuza dzina n'kwaulere, mumalipira pofuna kuona chikalata chenichenicho. Palinso mindandanda ya okwera sitima zapamadzi kuchoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960, ndipo obwera kwathu muwayang'ane pa madoko a Chinde ndi Beira. Apa m'pamene mungatenge mndandanda munaupeza uja n'kuona ngati munthu wanuyo alimodi.

Wina wafunsa m'ndemanga ngati njira yomweyi ingagwire kwa a kuchigawo chapakati. Ingagwire, koma kumeneko mabanja ambiri a azungu anali a mishoni ya Dutch Reformed ochokera ku Cape, monga a Murray: Andrew Charles Murray anatsegula Mvera mu 1889 pamodzi ndi mmishonale mnzake Vlok, ndipo William Hoppe Murray anatsogolera kumasulira Buku Lopatulika. Zikalata zawo zambiri zili ku Stellenbosch.

Za DNA, inde, yesani ngati thumba likulola, koma amene ayezedwe akhale mayi anu kapena amalume anu, osati inuyo. Iwo anatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kwa mzunguyo, pomwe inu munatenga limodzi mwa asanu ndi atatu, ndiye achibale adzaoneka bwino kwa iwo. Musataye nthawi ndi chithunzi chokongola chonena kuti ndinu wa ku Scotland pang'ono. Yang'anani mndandanda wa anthu amene magazi agwirizana nawo, muone ngati angapo akutsikira kwa kholo limodzi. Kuyeza kwa mzere wa abambo okhaokha sikungakuthandizeni, popeza ulusi wanu wadutsira mwa agogo aakazi.

Anthu a banjalo amene ali kunowa musawalembere panopa. Dikirani mukhale ndi dzina lathunthu, esiteti ndi chaka. Ndipo mukadzalemba, nenani poyera m'chiganizo choyamba kuti simukufuna ndalama kapena malo, mukufuna chithunzi ndi mbiri basi, chifukwa mantha awo oyamba adzakhala amenewo. Ena amayankha mwansangala mpaka kutumiza zithunzi za esiteti zomwe kumudzi sanazionepo, ena amatseka chitseko, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Maina awo ndi manambala awo musawaike pagulu lino.

A pasipoti aja ndiwayankhe mwachidule. Viza ya ku Britain yotengera makolo imafuna kuti agogo ako enieni, bambo kapena mayi wa kholo lako, akhale obadwira ku Britain, ndipo umayenera kuonetsa masatifiketi a kubadwa olumikiza mibadwo yonse itatu. Kwa achemwaliwa mzunguyo ndi kholo la agogo, ndiye ali m'badwo umodzi kupitirira malire. Achemwali, mukamva kwa amalume dzina la esiteti ndi tchalitchi chimene agogo anabatizidwira, mundilembere kumbali ndikuonetseni momwe mungafufuzire pa NAAIRS ndi pa FamilySearch.