Kodi makoko a mango ndi ndalama yotayika?

FUNSO: Ndimagulitsa zipatso zoduladula ku Yeoville mu mzinda wa Johannesburg, katundu ndimakapikula ku Joburg Market ku City Deep. Tsiku lililonse ndimataya thumba lodzadza makoko a mango, malalanje ndi nthochi. Mwana wa achemwali anga wagula kabotolo ka mafuta odzola kolembedwa kuti muli za m'makoko a mango komanso "nanoemulsion", mtengo wake woboola m'thumba. Kodi nanenso ndingapange anga kunyumba? — Mayi wa ku Yeoville

YANKHO: Mayi, zoti m'makoko muli kanthu ndi zoona. Khungu la chipatso ndi limene limalimbana ndi dzuwa, nkhungu ndi tizilombo, choncho mtengo umasunga mankhwala ambiri odzitetezera mmenemo, nthawi zambiri kuposa m'chipatso chimene timadyacho. M'makoko a mango muli mangiferin, a malalanje muli hesperidin, a nthochi muli dopamine. Akatswiri amawatcha ma antioxidant chifukwa amachedwetsa kuwonongeka kumene mpweya umabweretsa, konga kuja kwa mafuta ophikira akakhalitsa n'kuyamba kafungo.

Vuto ndi loti mankhwalawa ngosachedwa kufooka. Kuwala, kutentha ndi mpweya zimawamaliza, ndipo ena sasungunuka bwino m'madzi. Apa ndiye pobwerera nanoemulsion ija. Makoko amaumitsidwa, kuperedwa, n'kuviikidwa mu ethanol kuti atulutse mankhwalawo. Kenako amawasakaniza ndi mafuta, madzi ndi chogwirizanitsa ziwirizi monga lecithin kapena Tween 80, n'kuziphwanya ndi makina amphamvu mpaka mafutawo asanduke timadontho ta ma nanometre 20 mpaka 200. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanometre pafupifupi 80,000. Timadontho tochepa chonchi sitifulumira kuyandama pamwamba, ndiye mafuta ndi madzi sizilekana msanga m'botolo. Blender ya kunyumba, ngakhale muilize mpaka magetsi athe, siingafike pamenepo.

Koma ine kabotoloko sindikukagomera kwenikweni. Mphamvu ya makoko kawirikawiri imayesedwa m'kagalasi: amathira madzi a makoko m'mankhwala otchedwa DPPH, akasintha mtundu n'kukhala achikasu, akuti mphamvu ilimo. Khungu la munthu si kagalasi. Ku America, dipatimenti ya zaulimi ya USDA inachotsa mndandanda wake wa mphamvu zoterezi m'zakudya mu 2012, poona kuti amalonda ankaugwiritsa ntchito molakwika pomwe sunkasonyeza zimene zimachitika m'thupi. Mawu oti "nano" pa lebulo sakuuzani kuchuluka kwa makoko amene alimo. Muuzeni mwanayo atembenuze botolo: pa mndandanda wa zosakanizira amayamba ndi zochuluka, ndiye akapeza Mangifera indica, dzina la mango la sayansi, ali kumapeto kwenikweni, adziwe kuti wagula kwambiri madzi ndi mafuta wamba.

Chimene ndikukuletsani ndi kudzola makoko osaphika kumaso. Khungu ndi utomoni wa mango zili ndi mankhwala achibale ndi urushiol (mankhwala oyabwitsa a m'zomera zina), amene anthu ena amawatulutsa zidzolo zoyabwa pakamwa ndi m'manja. Amene tinakulira pansi pa mitengo ya mango tikuzidziwa zilonda za utomoni zija. Mandimu ndiye oopsa kwambiri: akakhala pakhungu dzuwa n'kuwomba, amawotcha n'kusiya mabanga akuda a miyezi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, dzuwa lake silinyengerera, ndipo inu mumakhala panja tsiku lonse. Mukatha kudula mandimu, sambani m'manja ndi sopo.

Thumba lanulo musalitaye lonse. Malalanje a pamsika amapakidwa phula ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndiye muyambe mwawatsuka bwino ndi madzi ofunda musanasende. Makokowo muwadule mopyapyala, muwaumitse pamthunzi podutsa mphepo, muwasinje. Kaufa kakeko kamanunkhiritsa tiyi, chigumu ndi mandasi, ndipo mungayese kukaika m'timapepala pambali pa zipatso zanu. A nthochi ndi a mango apatseni a madimba apangire manyowa.