Duwa lamera kuseri kwa nyumba, kodi ndi chikanda?

FUNSO: Akonzi, ine ndikhala ku Kapata, ku Chipata, chakumunsi kufupi ndi dambo. Mvula yoyamba itangogwa mu Novembala, pamene tinatentha udzu paja pamera phesi limodzi lofika m'bondo, masamba lilibe koma maluwa apinki okwana 6, lililonse ngati kakamwa koyasamula, mkatimo mwachikasu. Apongozi anga akuti ndi chikanda tikumbe, koma ine mtima ukukana. Ndi chani chimenechi?
Mayi wa ku Kapata

YANKHO: Amayi, mtima wanuwo wakuuzani zoona, khasu liyambe lakhala kaye. Mmene mwalongosoleramu duwalo ndi la banja la ma orchid, banja lomwe chikanda chimachokera, ndiye apongoziwo sanaphonye patali ayi. Njutani muliyang'anitsitse duwa limodzi, muona timasamba 6, tisanu tofananako koma kamodzi kam'munsi kakakulu kotambasuka ngati mlomo, pomwe njuchi imatera. Mlomo umenewo ndiye chizindikiro cha banjali.

Ine ndikuganizira mtundu wa Eulophia, makamaka Eulophia cucullata, chifukwa umakonda malo opsa, umachita maluwa mvula ikamayamba ndipo masamba ake oonda ngati udzu amakula pambuyo. Chikanda chimene mumagula chodulidwa pa msika wa Kapata nthawi zambiri chimachokera ku mitundu ina, Disa, Satyrium ndi Habenaria, ya timizu tozungulira ngati timbatatesi tating'ono, tomwe amasinja n'kuphika ndi nsinjiro, soda kapena chidulo ndi tsabola pang'ono.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chodya muzu osaudziwa. Nyengo yomweyi ya mvula kumameranso duwa lija lofiira ndi chikasu ngati malawi a moto, Gloriosa superba, muzu wake uli ndi poizoni wotchedwa colchicine ndipo umapha munthu, ndiye maluwa akayoyoka munthu wongokumba mwachisawawa mu dambo atha kusakaniza. Chonde ana asamaseweretse mizu yakutchire.

Kulizula kuti mukabzale mu chitini nakonso sindikulimbikitsani, ambiri amangofota. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo sizimera zokha, zimadalira tinkhungu tina ta m'dothi lomwelo kuti tizidyetse, komanso kuchokera pa njere mpaka duwa pamapita zaka. Ndi chifukwa chake chikanda chikusowa, wokumba akachotsa muzu wonse ndiye kuti chomeracho chathera pomwepo, mpaka amalonda amakachitenga ku Tanzania, komwe boma linasandutsa mapiri a Kitulo kukhala paki kuti maluwa amenewa atetezedwe. Ine zimandiwawa ndikaona dambo lomwe linkachita maluwa mbuu pano lili makumbi okhaokha.

Kuti mudziwe dzina lenileni tengani foni m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, jambulani duwa kutsogolo, cham'mbali kuti kathumba ka kuseri kwa mlomo kaoneke, kenaka chomera chonse mutaimika botolo pambali kuti kutalika kudziwike. Masamba akatuluka mujambulenso. Zithunzizo ikani pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandiza kuzindikira zomera ndi nyama, ndi yaulere kungofuna bandulo, kapena kaonetseni a Forestry Department konkuno ku Chipata. Pakadali pano zikani timitengo tinayi kuzungulira phesilo kuti mbuzi ndi olima asaliponde, ndipo apongozi muwagulire chikanda cha pa msika Loweruka lino.