Kuphunzitsa Magulu a Nyama za Msana ndi Foni Imodzi

Mphunzitsi wina wa sitandade 6 m'boma la Dedza wandilembera kalata pa imelo. Akuti ali ndi ana oposa 80 m'kalasi, foni yamakono imodzi yomwe ndi yawoyawo, ndipo akufuna kudziwa ngati foniyo ingawathandize kuphunzitsa magulu a nyama zokhala ndi fupa la msana, popeza ana amaloweza magulu asanu aja (nsomba, achule, zokwawa, mbalame ndi nyama zoyamwitsa) bwinobwino koma akafunsidwa za mleme amayankha kuti ndi mbalame.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Foni imodziyo ndi yokwanira, malinga ngati muipatsa ntchito yosonkhanitsa umboni, ntchito yoweruza nkuisiyira ana. Vuto la ana anu si kusowa zithunzi. Iwo amagawa nyama potengera kumene zimakhala ndi mmene zimayendera, kotero kuti chouluka chilichonse ndi mbalame ndipo chokhala m'madzi ndi nsomba, pamene sayansi imayang'ana mmene thupi linapangidwira ndi mmene nyamayo imaberekera. Carl Linnaeus, katswiri wa ku Sweden amene anayala maziko a kagawidwe ka zamoyo, poyamba ankaika nangumi m'gulu la nsomba, ndipo anadzamusamutsira ku nyama zoyamwitsa mu 1758. Ana anu akulakwitsa mmene analakwitsira akuluakulu, choncho musawadzudzule.

Yambani ndi msanawo musanafike ku magulu. Gulani usipa wouma pamsika, mupatse gulu lililonse la ana nsomba ziwiri kapena zitatu, azing'ambe pakati ndi zala mpaka aone mzere wa timafupa tolumikizana kuchokera kumutu kufika kumchira. Kenaka jambulani mzerewo ndi foni muli pafupi kwambiri, mukulitse chithunzicho ndi zala ziwiri kuti kafupa kalikonse kaoneke pakokha, ndipo muyende nacho pagulu lililonse ana akugwira kumsana kwa anzawo kuti amve mfundo zomwezo. Pambali pake ikani chiwala kapena nkhono, zomwe kulimba kwake kuli kunja ndipo mkati mulibe fupa. Mwana amene wang'amba usipa ndi manja ake savutikanso kumvetsa chimene chikugwirizanitsa nsomba, chule, njoka, nkhuku ndi mbuzi.

Pamagulu asanuwo, ine ndimakonda kuti ana agwire chizindikiro chimodzi chosanama pa gulu lililonse kusiyana ndi kuloweza zizindikiro zambiri zimene zina zimapezekanso kwina. Nthenga zili ndi mbalame zokha, ngakhale nthiwatiwa imene siuluka. Mkaka ndi ubweya ndi za nyama zoyamwitsa zokha. Nsomba zili ndi zipsepse ndipo zimapuma m'madzi kudzera m'ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu. Zokwawa monga buluzi, kamba ndi ng'ona zili ndi khungu louma la mamba ndipo zimapuma ndi mapapo chibadwire, pamene achule ali ndi khungu lopanda mamba, ndipo ambiri amayamba moyo wawo m'madzi ali mbululu.

Apa ndi pamene foni imaposa buku. Mvula ikayamba, tengani mbululu zingapo pachithaphwi, muziike m'beseni la madzi a pomwepo pamalo a mthunzi, ndipo ana azisinthana kuzijambula masiku awiri kapena atatu alionse. Pakatha masabata angapo mudzakhala ndi mndandanda wa zithunzi woonetsa miyendo yakumbuyo ikutuluka poyamba, yakutsogolo pambuyo pake, mchira ukufupika mpaka kutha. Diso la mwana silingasunge kusintha kwapang'onopang'ono koteroko, koma zithunzi zikayalidwa motsatana nkhani yonse imaoneka nthawi imodzi. Tiachule tikakula mukatibwezere kumene munatitenga. Mukhozanso kujambula mawu a achule madzulo, nkukawamvetsa ana m'mawa mwake.

Pambuyo pake bweretsani nyama zosokoneza, chifukwa ndizo zimayesa ngati mwana wamvetsa. Mleme umauluka koma uli ndi ubweya ndipo umayamwitsa. Ngaka ili ndi mamba pafupifupi thupi lonse koma imabereka mwana wamoyo nkumuyamwitsa, choncho si chokwawa. Mlamba ulibe mamba koma ndi nsomba. Mvuu za mumtsinje wa Shire zimaswera m'madzi koma zimatulutsa mphuno kuti zipume. Chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, zimene ana ena amaziona ngati kuyamwitsa, koma mkaka palibe. Nyama ngati ngaka, yomwe ndi yotetezedwa ndi malamulo a dziko lino, ana aionere pakanema wamfupi amene mwakopereratu mufoni mukapita kumene netiweki imagwira bwino, kuti musadalire bandulo m'kalasi. Onetsani chithunzi cha nyama iliyonse, mubise dzina la gulu lake, ndipo gulu lililonse la ana lipereke yankho limodzi ndi umboni wake.

Mwina munamva za mapulogalamu ozindikira zamoyo. Seek, yopangidwa ndi a iNaturalist, imatchula chamoyo chimene mwalozetsa kamera ndipo safuna kuti mulembetse dzina, pamene Merlin Bird ID ya Cornell Lab of Ornithology ku America imathandiza kuzindikira mbalame. Zonse ndi zaulere. Komabe ndikulangizani kuti muzizitsegula ana atatha kukangana ndi kupereka mayankho awo, chifukwa foni ikayankha poyamba ana amaleka kuyang'ana nyamayo nkumayang'ana galasi lokha. Mapulogalamuwa amalakwitsanso, makamaka chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, ndipo zikatero ndi mwayi wabwino wofunsa kalasi ngati likugwirizana nayo foniyo. Ngati sukulu yanu inalandira matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023, dziwani kuti amenewo anakonzedwera kuwerenga ndi masamu a sitandade 1 mpaka 4, choncho phunziro ili lidalira foni yanu basi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Ana asatumidwe kukasaka njoka kapena kugwetsa zisa pofuna chithunzi. Nkhuku, mbuzi, abuluzi a pakhoma la sukulu ndi nsomba za pamsika ndi zokwanira. Ndipo zithunzi zoonetsa nkhope za ana zisatumizidwe pa WhatsApp kapena pa Facebook makolo asanalole.

Popeza mayeso a sayansi a sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, mayina a magulu m'Chingerezi alembedwe pabolodi ndi m'makope ana atamvetsa kale nkhaniyo m'Chichewa. Kuti mudziwe ngati phunziro lagwira, sungani chithunzi chimodzi cha nyama imene simunaitchulepo, monga katumbu kapena nanzikambe, ndipo patatha sabata muchionetse, mwana aliyense alembe yekha gulu lake ndi chizindikiro chimene chamuchititsa kusankha gululo.