Woweruza sanalamule kuti mkaidi azikwawa

Mayi wina wandilembera imelo yofotokoza kuti mlongo wake, yemwe amayendera njinga ya anthu aulumali, walamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri, ndipo akufunsa chimene angachite kuti akasamalidwe. Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa yandikumbutsa malume anga.

Malumewo anapuwala miyendo ndi poliyo ali mwana, ndipo moyo wawo wonse ankayendera ndodo ziwiri. Tsiku limene ndinakawaona kundende anatulukira atawagwira m'khwapa akaidi anzawo awiri, mapazi akukhwekhwereza pansi, popeza ndodo zija anawalanda pachipata poopa kuti zingasanduke chida. Nditawafunsa mmene amapitira kuchimbudzi usiku, anazyolika, kenaka anandiuza chapansipansi kuti amene amawanyamula amamulipira ndi gawo la chakudya chawo. Woweruza anawalanda ufulu wopita kumene akufuna, koma sanalamule kuti azikwawa kapena kugona ndi njala.

Ena amati wolakwa asamasankhe pogona, ndipo ine maganizo amenewo ndimawakana kwamtuwagalu. M'chaka cha 2001, khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti dziko la Britain linanyozetsa Adele Price, mayi wolumala manja ndi miyendo, pomutsekera m'chitolokosi chozizira ndiponso m'malo amene sakanatha kufika yekha pabedi ndi kuchimbudzi. Khotilo linavomereza kuti panalibe cholinga chomuzunza, komabe mlandu unalipo, chifukwa kusalabadira nakonso kumapweteka munthu.

Zimene malamulo akunena

Pangano la United Nations la 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, m'gawo 14, likuti munthu waulumali akamangidwa ayenera kukonzeredwa zinthu molingana ndi ulumali wake. Malamulo a United Nations a 2015 okhudza kasamalidwe ka akaidi, otchedwa Malamulo a Nelson Mandela, akubwerezanso zomwezo pa lamulo 5, ndipo lamulo 45 likuletsa kutsekera payekha mkaidi waulumali ngati kuteroko kungawonjezere vuto lake. Malume anga anamwalira asanamvepo zimenezi, ndipo zimandiwawabe mpaka lero.

Tsono amayi, lemberani mkulu wa ndendeyo, muphatikizepo kalata ya dokotala, mupemphe kuti mlongo wanu asalandidwe njinga yake ndipo agone m'chipinda chopanda masitepe chapafupi ndi chimbudzi. Kalata ina yofanana nayo muisunge, ndipo akapanda kukuyankhani mupite nayo kwa loya kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu.